Mamendulo Achuluka, Ulemu Wake Wachepa

Mu Okutobala chaka cha 1983 asilikari a dziko la America anathira nkhondo kachisumbu kotchedwa Grenada, m'nyanja ya Caribbean. Nkhondoyo siinakhalitse, pakuti patangopita masiku owerengeka mfuti zinaleka kulira. Koma chaka chotsatira, pamene chiwerengero chinaululidwa, anthu anadabwa kumva kuti gulu la nkhondo la pamtunda linagawa mamendulo 8,612 chifukwa cha ntchito imeneyo, chonsecho asilikari ake okhala pa chisumbupo sanapitirire 7,000 pa tsiku liri lonse. Ena mwa olandirawo anali anthu amene sanatuluke m'maofesi mwao ku America komweko. Manyuzipepala anaseka, koma asilikari akale sanaseke nao, pakuti anaona kuti chinthu chimene iwo anachigula ndi mwazi chayamba kugawidwa monga mtedza pa phwando.

Funso limene nkhani imeneyi inautsa siliri la dziko limodzi lokha. Pafupifupi mtundu uli wonse wokhala ndi gulu la nkhondo wakomana nalo pa nthawi ina: chifukwa ninji mamendulo amachulukirachulukira, ndipo akachuluka chotero, ndani amene amataya? Mphunzitsi adziwa bwino kuti ngati mwana ali yense apatsidwa setifiketi, wokhoza ndi wolephera yemwe, pepalalo silingamthandizenso wokhoza uja pofuna ntchito. Mendulo nayonso iri chimodzimodzi. Mkuwa wake ndi kansalu kake sizigula ngakhale mbuzi imodzi. Mtengo wake wonse uli m'chikhulupiriro cha anthu chakuti wovalayo anachita chinthu chimene ena sanachichite.

Chiyambi cha mwambowu

M'masiku akale mafumu a ku Ulaya ankalemekeza akazembe a nkhondo okha, powapatsa minda, ndalama ndi maina aulemu, ndipo msilikari wamba ankabwerera kwao ndi zipsera zake zokha. Kusintha kunadza pang'onopang'ono. M'chaka cha 1802 Napoleon anakhazikitsa ulemu wotchedwa Légion d'honneur, umene munthu ali yense, wolemera kapena wosauka, akanatha kuulandira chifukwa cha ntchito zake. Aphungu ena atanyoza kuti zimenezo ndi zidole chabe, iye anawayankha kuti anthu amatsogozedwa ndi zidole zomwezo. Mfumu ya ku Prussia inayamba mendulo ya Iron Cross mu 1813, ndipo Angerezi, itatha nkhondo ya pa Waterloo ya 1815, anapereka mendulo imodzi kwa msilikari ali yense amene analipo, wamkuru ndi wamng'ono yemwe.

Pa 29 Januwale 1856 Mfumukazi Victoria inakhazikitsa Victoria Cross, mtanda wa mkuwa wosulidwa kuchokera ku mizinga yakale, woperekedwa chifukwa cha kulimba mtima kopambana pamaso pa mdani. Anthu 62 oyamba anavekedwa ndi Mfumukazi yomwe mu mzinda wa London mu Juni 1857. Mtanda umenewu unapangidwa dala wosanyezimira, kuti diso lisakhale pa chitsulo koma pa munthu wochivala.

Pofuna kumvetsa za kuchuluka kwa mamendulo, nkofunika kusiyanitsa mitundu yake. Ilipo mendulo ya kulimba mtima, yoperekedwa kwa munthu mmodzi chifukwa cha chimene anachita pa tsiku lodziwika ndi malo odziwika. Ilipo mendulo ya ulendo wa nkhondo, imene ali yense wopita kumeneko amalandira. Ilipo ya kugwira ntchito zaka zambiri ndi khalidwe labwino, ndiponso ilipo ya chikumbutso, yogawidwa pa chikondwerero cha mfumu kapena cha dziko. Msilikari amadziwa kusiyana kwake pongoyang'ana mtundu wa kansalu, koma munthu wamba woonerera perete amangoona chifuwa chodzaza, naganiza kuti wovala zambiri ndiye ngwazi yoposa onse. Apa ndi pamene chinyengo chimapeza polowera.

Nkhondo ziwiri zazikuru

Chigumula choyamba chinadza ndi nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene maiko anasonkhanitsa asilikari m'mamiliyoni. Ajeremani anagawa Iron Cross ya kalasi yachiwiri yoposa 5 miliyoni, ndi ya kalasi yoyamba yokwana ngati 218,000. Mtanda umene agogo ao ankauyesa chuma cha banja unafika pokhala chinthu chimene msilikari ankachita manyazi akapanda kukhala nacho. Kwa Angerezi, mendulo ya British War Medal inasulidwa yoposa 6 miliyoni, ndipo Military Medal, imene inali ya kulimba mtima kwa asilikari wamba, inaperekedwa koposa ka 115,000. Kudandaula kwakukuru kunali pa mendulo ya akuru yotchedwa Distinguished Service Order, pakuti asilikari a m'maenje ankaona ikugwa pa zifuwa za mabwana a m'maofesi amene chipolopolo sichinawapitepo pafupi. Chotero kuyambira mu Januwale 1917 kunatuluka lamulo lakuti iperekedwe kwa okhawo amene anali pamene mfuti zikulira.

Pa nkhondo yachiwiri, Hitler anaonetsa poyera m'mene nthenda imeneyi imakulira. Mu 1939 anaika pamwamba pa Iron Cross mtanda wina wovala m'khosi wotchedwa Knight's Cross. Umenewonso utachuluka, mu 1940 anaonjezapo masamba a mtengo osulidwa ndi siliva. Mu 1941 anaonjezapo malupanga, kenaka miyala ya dayamondi. Ndipo kumapeto kwa 1944, dziko lake liri pafupi kugwa, anaonjezapo masamba a golide, amene analandira munthu mmodzi yekha, woyendetsa ndege Hans-Ulrich Rudel. Makwerero ankatalika pamene nkhondo inkaipa. Ziri monga Boma limene, ndalama zake zikatha mphamvu, limasindikiza pepala la chiwerengero chachikuru, koma pa msika nsomba ikhala yomwe ija.

Winston Churchill anazindikira choopsacho. Polankhula m'Nyumba ya Malamulo ya ku London mu Malichi 1944, anachenjeza kuti ulemu ndi chinthu chimene si onse ali nacho, kotero kuti onse akakhala nacho mtengo wake utsika, natinso mendulo imawala, koma imagwetsanso mthunzi pa iye amene sanailandire. Mau amenewa akhudza mbali zonse ziwiri za vutoli: kugawa mowolowa manja kumachepetsa ulemu, koma kumana kumasiya mabala m'mitima ya anthu amene anavutika chimodzimodzi.

Chifukwa ninji amachuluka?

Chifukwa choyamba ndi chakuti mendulo ndi mphotho yotsika mtengo koposa zonse zimene Boma lingapereke. Kukweza malipiro a asilikari, kumanga nyumba zao, kapena kusamala amasiye ao kumafuna ndalama chaka ndi chaka, pamene mendulo imasulidwa kamodzi ndipo nkhani yatha. Nduna imene ilibe ndalama m'thumba imapeza kuti nkwapafupi kuveka munthu kansalu kusiyana ndi kumpatsa penshoni.

Chachiwiri ndi kukwezedwa pa ntchito. M'gulu la nkhondo la America mamendulo amawerengedwa pofuna kukweza msilikari pa udindo, kotero kuti mkuru wokonda anyamata ake amaona ngati awalakwira akapanda kuwalembera mendulo pamene anzake a m'magulu ena akulembera ao. Ali yense wa m'ntchito ya Boma adziwa m'mene zimakhalira ndi malipoti a pa chaka: mkuru mmodzi akayamba kulemba kuti anthu ake onse ndi opambana, ena onse amakakamizika kutero, ndipo posakhalitsa mau akuti "wopambana" sakhalanso ndi tanthauzo. Kuyambira 1981 msilikari wa pamtunda wa ku America amalandira kansalu pongomaliza maphunziro ake oyamba, ndipo kuyambira pa 11 Sepitembala 2001 kufikira kumapeto kwa 2022 ali yense wolembedwa usilikari ankalandira National Defense Service Medal ngakhale asanaoneko bwalo la nkhondo. Ku Britain nakonso mamendulo a chikondwerero anagawidwa mu 2002, 2012, 2022 ndi 2023 kwa onse amene anagwira ntchito zaka zisanu.

Chachitatu, chimene chiri choipa koposa, ndi kufuna kubisa manyazi. Pa 22 Januwale 1879 Azulu anagonjetsa Angerezi pa Isandlwana, napha anthu oposa 1,300. Madzulo a tsiku lomwelo kagulu ka asilikari ngati 150 kanatchinjiriza malo otchedwa Rorke's Drift usiku wonse, ndipo pa nkhondo imeneyo panatuluka ma Victoria Cross 11. Palibe wokana kuti anthuwo analimba mtima, koma ngakhale kazembe wa Angerezi Garnet Wolseley anadandaula kuti ulemuwo unapyola muyeso, ndipo olemba mbiri ambiri aona kuti Boma linkafuna nkhani yokoma yoti iphimbe ya Isandlwana. Mchitidwe umenewu sunathe. Pa 3 Julayi 1988 chombo cha nkhondo cha America chotchedwa Vincennes chinawombera ndege ya anthu apaulendo ya dziko la Iran, ndipo anthu 290 anafa. Mu 1990 kapitao wa chombocho anavekedwa Legion of Merit chifukwa cha nthawi yake yoyang'anira chombocho. Mu Epulo 2004 Pat Tillman, katswiri wa mpira amene anasiya chuma chake nalowa usilikari, anaphedwa ku Afghanistan ndi zipolopolo za anzake mwangozi. Akuru anampatsa Silver Star ndi mau osonyeza ngati anaphedwa ndi adani, ndipo banja lake linauzidwa zoona patapita masabata angapo. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Odziveka okha

Chifukwa chachinai chimaoneka pamene mwini mphamvu ndiye wogawa ndiponso wolandira. Leonid Brezhnev, amene analamulira Soviet Union kuyambira 1964 kufikira imfa yake mu 1982, anavekedwa nyenyezi ya golide ya Ngwazi ya Dziko kanai, m'zaka za 1966, 1976, 1978 ndi 1981, nalingana ndi Marshal Zhukov amene anatsogolera asilikari mpaka ku Berlin. Mu 1978 analandiranso Order of Victory, ulemu umene unaikidwira akazembe akuruakuru osintha mayendedwe a nkhondo yonse, monga Zhukov yemweyo, Eisenhower ndi Montgomery, chonsecho iye pa nkhondoyo ntchito yake inali yoyang'anira za chipani pakati pa asilikari. Anthu a dzikolo sakanatha kutsutsa poyera, koma ankamseka m'nyumba zao, ndipo mu 1989 Mikhail Gorbachev anafafaniza ulemuwo ponena kuti unaperekedwa mosemphana ndi lamulo lake.

Dziko lomwelo linachitanso china mu 1985. Pokumbukira zaka 40 chigonjetsereni Germany, linapereka Order of the Patriotic War kwa asilikari onse akale amene anali moyo, oposa 7 miliyoni, pamene pa nkhondo yeniyeniyo ulemuwo unaperekedwa koposa pang'ono miliyoni imodzi, kwa anthu amene anachita zinthu zotchulidwa m'lamulo. Cholinga chinali chabwino, koma amene anaulandira pakati pa moto anaona kuti tsopano palibe chowasiyanitsa ndi ena. Soviet Union itagwa mu 1991, mamendulo a mtundu umenewu anadzaza m'misika, nagulitsidwa kwa alendo pamodzi ndi zipewa zakale.

Africa nayo inaona zake. Idi Amin analowa m'gulu la King's African Rifles mu 1946 monga wothandiza kukhitchini, nalanda Boma la Uganda mu Januwale 1971. Mu 1975 anadzikweza kukhala Field Marshal, ndipo kumbuyo kwa dzina lake anaikako zilembo za VC, DSO ndi MC, ulemu umene Angerezi sanampatse. VC yakeyo inali mendulo yodzipangira yekha motsanzira mtanda wa Victoria. Mu 1977 anaonjezapo CBE, nati tanthauzo lake ndi lakuti iye anagonjetsa ufumu wa Britain. Mnzake Jean-Bédel Bokassa wa ku Central African Republic anadzaza malaya ake ndi zitsulo kuyambira paphewa mpaka m'chiuno, nadziveka chisoti cha ufumu pa 4 Disembala 1977. Paja amati fumbi ndiwe mwini. Onse awiri anagwa m'chaka cha 1979, ndipo pa tsiku lothawa mamendulo aja sanatchinjirize ndi mmodzi yemwe.

Amene sanalandire kanthu

Pamene zifuwa zina zinkalemedwa ndi zitsulo, zina zinatsala zopanda kanthu, ndipo mbali imeneyi ya nkhani ikhudza dziko lino. Pa nkhondo ya 1914, imene makolo anaitcha Nkhondo ya Chiwaya, Nyasaland inapereka asilikari ngati 19,000 ndi amuna amtengatenga pafupifupi 200,000, amene anasenza ufa, zipolopolo ndi mizinga pamutu kudutsa mapiri ndi madambo a Tanganyika ndi Mozambique. Ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo m'mbali mwa njira. Chipilala cha Keyala pa Zomba chisunga maina a asilikari, koma amtengatenga ochuluka anaikidwa m'manda opanda chizindikiro. Mu Epulo 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000, kapena mwina okwana 350,000, makamaka a mu Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi maina ao kapena sanakumbukiridwe konse, ndipo Nduna ya Chitetezo ya Britain inapepesa m'Nyumba ya Malamulo.

Ku South Africa chombo cha Mendi chinamira pa 21 Febuluwale 1917 pafupi ndi gombe la England, ndipo anthu oposa 600 anafa, ambiri a iwo anthu akuda opita kukagwira ntchito ya nkhondo ku France. Nkhondo itatha, Boma la South Africa linakana kupereka mendulo ya nkhondoyo kwa nzika zake zakuda za m'gulu limenelo, ngakhale anzao a ku Basutoland, Bechuanaland ndi Swaziland analandira. Asilikari a Keyala anali ndi mendulo yaoyao ya kulimba mtima, yosiyana ndi ya Azungu, kufikira 1942. Pa nkhondo yachiwiri anamenya ku Abyssinia, ku Madagascar ndi m'nkhalango za Burma, nabwerako ndi nyenyezi za mkuwa za Africa Star ndi Burma Star. Koma pa ndalama yothokoza, msilikari wamba wachizungu ankawerengeredwa masheleni 10 pa mwezi uli wonse umene anatumikira, pamene wakuda ankawerengeredwa masheleni 3 ndi sikisipensi. Nyenyezi inali yofanana, koma thumba linali losiyana. Pakati pa Angerezi okhaokha panalinso tsankho la udindo, pakuti pa ntchito imodzimodzi ofesala ankalandira mtanda ndipo msilikari wamba ankalandira mendulo, kufikira 1993 pamene Boma la John Major linathetsa kusiyanitsako.

Kuyesa kukonza

Maiko ena anayesa kubweza madzi m'khwawa. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, mu 1863, Boma linalonjeza Medal of Honor, ulemu waukuru koposa wa dzikolo, kwa asilikari a gulu la 27th Maine amene akanalola kutsala masiku owerengeka kulonda mzinda wa Washington nthawi yao itatha. Anatsala ngati 300, koma chifukwa cha kusokonezeka kwa makalata mamendulo analembedwa kwa onse 864, ndi amene anapita kwao omwe. Patapita zaka zoposa 50, bungwe la akazembe asanu opuma pa ntchito linasanthula m'kaundula monse, ndipo mu 1917 linafafaniza maina 911, kuphatikizapo a gulu lija ndi a asilikari 29 amene anaperekeza maliro a Abraham Lincoln. Kuyambira pamenepo mendulo imeneyi inafuna mboni zoona ndi maso ndi kufufuza kwa nthawi yaitali, ndipo ulemu wake unabwerera.

Ku France, pofika 1962 anthu amoyo ovala Légion d'honneur anapitirira 300,000. Kazembe Charles de Gaulle anaika malire akuti asapyole 125,000, ndipo mu Disembala 1963 anakhazikitsa ulemu wachiwiri wotchedwa Ordre national du Mérite, nathetsa maulemu 16 amene maunduna osiyanasiyana ankagawa pa okha. Ntchitoyo inatenga zaka zambiri, pakuti palibe amene analandidwa chake, koma chiwerengero chinatsika mpaka pansi pa 100,000. Nkhani ziwirizi zisonyeza kuti mankhwala alipo, koma ndi owawa, chifukwa wolamulira ayenera kulola kukhumudwitsa abwenzi ake lero kuti ulemuwo udzakhale ndi tanthauzo kwa zidzukulu.

Nkhondo ya makina yabweretsa funso latsopano. Mu Febuluwale 2013 Nduna ya Chitetezo ya America, Leon Panetta, inalengeza mendulo ya oyendetsa ndege zopanda munthu m'kati ndi a nkhondo ya pa makompyuta, niika pamwamba pa Bronze Star ndi Purple Heart, imene imaperekedwa kwa ovulala ndi ophedwa. Asilikari akale anakwiya kwambiri, nafunsa kuti zingatheke bwanji kuti munthu wokhala pa mpando kutali ndi mdani, wobwerera kwa mkazi wake madzulo, apose iye amene anasiya mwendo m'chipululu. Mu Epulo chaka chomwecho wolowa m'malo mwake, Chuck Hagel, anaithetsa isanaperekedwe kwa munthu ndi mmodzi yemwe. Palibe anakana kuti luso la anthuwo ndi lalikuru. Mkangano unali wakuti luso ndi kulimba mtima ndi zinthu ziwiri, ndipo siziyenera kuyesedwa pa muyeso umodzi.

Ulemu umene sunasukuluke

Kungakhale kulakwa kuganiza kuti mamendulo onse asanduka zidole. Mu Meyi 1996 Admiral Jeremy Boorda, mkuru wa asilikari onse a pamadzi a America, munthu amene anayambira pansi penipeni, anadzipha pa tsiku limene atolankhani ankadza kudzamfunsa za tizizindikiro tiwiri ta kulimba mtima timene anavalapo kale pa nsalu za mamendulo ake, pakuti ena ankakayika ngati anali woyenera kutivala. Kumeneko kulinso lamulo la 2013 lolanga munthu wonama kuti analandira mendulo pofuna kupezapo phindu. Anthu sanamizira chinthu chopanda pake, ndipo safa nacho manyazi.

Msika nawonso umanena zoona. Mamendulo a ulendo a nkhondo ya 1914 amagulidwa ndi mapaundi owerengeka m'masitolo a zinthu zakale, koma mu 2009 mamendulo a Noel Chavasse, dokotala wolandira mtanda wa Victoria kawiri, amene ankakwawa kukatola ovulala pakati pa zipolopolo kufikira anafa mu 1917, anagulidwa ndi ndalama pafupifupi mapaundi miliyoni imodzi ndi theka. Chitsulo chake sichiposa cha enawo. Kusiyana kwake ndi kwakuti chiyambire 1856 mtandawu waperekedwa ka 1,358 kokha: ka 628 pa nkhondo yoyamba, ka 182 pa yachiwiri, ndipo pa nkhondo ya ku Falklands ya 1982 kawiri kokha, kwa anthu amene onse awiri anafera pomwepo. Anthu atatu okha ndiwo anaulandira kawiri.

Bungwe la United Nations liri ndi mitundu yonse iwiri. Msilikari wosungitsa mtendere amalandira mendulo akatumikira masiku 90, ndipo amenewa agawidwa ochuluka zedi. Koma mu Meyi 2014 bungwelo linakhazikitsa mendulo ina ya kulimba mtima kwapadera, m'dzina la Kapitao Mbaye Diagne wa ku Senegal, amene anapulumutsa anthu ambirimbiri ku Kigali pa nthawi ya kuphana kwa 1994, kufikira iye mwini anaphedwa pa 31 Meyi chaka chomwecho. Atapereka yoyamba kwa banja la Diagne, zaka zinapita popanda wina woyesedwa woyenera, ngakhale maina ankatumizidwa.

Mu Novembala 2018 asilikari a Malawi ndi a Tanzania anakomana ndi zigawenga za ADF m'nkhalango pafupi ndi Beni, kum'mawa kwa Congo, ndipo a Malawi asanu ndi mmodzi anafa. Pakati pa moto umenewo msilikari wamba Chancy Chitete anaona Kopolo Ali Khamis Omary wa ku Tanzania ali gone atavulala kwambiri, posatha kusuntha. Anachoka pobisala pake, namkokera pamalo otchinjirizika, ndipo ali m'kati momanga mabala ake chipolopolo chinampeza iye mwini. Omary anachira nabwerera kwao. Mu Meyi 2019, mu mzinda wa New York, Mlembi Wamkuru António Guterres anapereka mendulo ya Diagne kwa banja la Chitete, ndipo iye anakhala munthu woyamba kuilandira pambuyo pa mwini dzina.

Chitete sanali kazembe, ndipo sanadzilembere yekha kalata yopempha ulemu. Umboni wake unali munthu wamoyo wa dziko lina amene akanafa iye akanapanda kudzuka. Maboma amene amasula mamendulo atsopano chaka ndi chaka angachite bwino kulingalira za nkhani imeneyi. Msilikari amene watumikira mokhulupirika ayenera kulandira malipiro ake pa nthawi yake, nyumba yabwino, penshoni yokwanira, ndi chitsimikizo chakuti ana ake sadzasiyidwa pa mtetete. Zimenezi ndi mangawa a dziko kwa onse. Koma mendulo ya kulimba mtima iyenera kusungidwira owerengeka, kufufuzidwa ndi mboni, ndi kuperekedwa mosayang'ana udindo kapena khungu, kuti pa tsiku limene mkazi wamasiye aitenga m'manja mwake asakhale ndi chifukwa chofunsira ngati mwamuna wake analemekezedwadi.